Chikumbutso cha anthu amene anapita ndi Covid-19: tiyambire pati?

Nachisale: Moni nonse. Funso langa likupita kwa odziwa zomanga, zamalo ndi zaumoyo. Dera likagwirizana zomanga chikumbutso cha anthu ake amene anamwalira ndi Covid-19, choti chikhale poyera aliyense n'kumafikapo, ntchito imayambira pati? Ambiri mwa anthuwa anaikidwa mothamanga, popanda kuona nkhope, popanda kugona pasiwa, ndipo nthawi ina lamulo linkangolola anthu 50 pamaliro. Mabanja ena mpaka lero amati malirowo sanawalire. Maganizo alipo awiri, khoma la mayina kapena munda wa mitengo. Tithandizeni ndi zogwirika.

Gondwe Mmisiri: Mayi Nachisale, musanaitane mmisiri aliyense dziwani kaye kuti mayina alipo angati. Utali wa khoma, matumba a simenti, mtengo wa mwala, zonse zimachokera pa nambala imeneyo. Mayina 40 amakwana pa miyala iwiri, pomwe mayina 200 akufuna khoma la mamita 9. Wokupatsani mtengo asanafunse za mayina akungolota.

Nankhoma: A Gondwe akhudza pamene pali ntchito yaikulu. Matendawa anatsimikizika m'Malawi pa 2 Epulo 2020, ndipo imfa zimene boma linalemba ndi zosakwana 2,700 dziko lonse. Koma amenewo ndi okhawo amene anayezedwa n'kupezeka nawo. Mu Januwale 2021 ndi mu Julayi 2021, matenda atakula, anthu ambiri anafera kunyumba kapena panjira yopita kuchipatala osayezedwa. Imfa za kumudzi zambiri sizifikanso ku NRB, bungwe la boma la kalembera, kukatengeredwa chiphaso. Ndiye mukatsamira mapepala a boma okha, khoma lanu lidzakhala la anthu a m'tauni ndi amene anali ndi ndalama yoyendera.

Chachiwiri, musayembekezere kuti ofesi ya zaumoyo ya pa boma (DHO) ikupatsani mndandanda wa mayina. Matenda a munthu ndi chinsinsi, ngakhale atamwalira. Chimene angakuthandizeni ndi chiwerengero cha dera, komanso kutsimikizira dzina limene banja labweretsa lokha. Choncho mndandanda uchokere ku mabanja. Konzani fomu ya tsamba limodzi yokhala ndi dzina lonse la malemu, dzina limene ankadziwika nalo, chaka chobadwa, tsiku lomwalira, mudzi kapena malo okhala, dzina ndi foni ya wobweretsa, ubale wake ndi malemu, ndi posainira kuti banja lalola. Mafomu aikeni kwa mfumu, kutchalitchi, kumzikiti ndi kwa alangizi a zaumoyo, ndipo mupereke miyezi itatu. Mwezi umodzi sukwana, chifukwa achibale ena ali ku Joni ndipo banja limafuna kufunsana kaye.

Jere: Pepani mayi, pamenepa ndikutsutsani. Mukangotsegula khomo kwa osayezedwa, aliyense amene anafa ndi shuga kapena BP m'zaka zimenezo adzalowa, chifukwa banja lililonse lidzafuna dzina la m'bale wake pamwala waulere. Kenako chikumbutsocho chidzakhala cha chiyani?

Nankhoma: Nkhawa yanu ndi yomveka bambo Jere, koma ili ndi mankhwala. Ikani malire a nthawi, kuyambira 2 Epulo 2020 mpaka 5 Meyi 2023, tsiku limene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti Covid-19 sikulinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse. Ndipo dzina lilowe ngati lakwanitsa chimodzi mwa izi: pali pepala la kuchipatala lotchula Covid-19, kapena maliro anayendetsedwa motsatira malamulo a Covid, a zaumoyo atavala zodzitetezera, kapena banja likuchitira umboni kuti malemu anadwala chifuwa, kutentha thupi ndi kubanika kwa masiku ochepa, umboniwo n'kusainidwa ndi mfumu ndi mlangizi wa zaumoyo. Njira yachitatuyi idzalowetsa anthu angapo amene mwina anafa ndi zina. Kwa ine bola zimenezo kusiyana ndi kubweza mayi wamasiye chifukwa choti mwamuna wake anafera pa njinga ya kabaza asanafike poyezera. Komanso shuga ndi BP zimene mwatchulazo ndi zomwe zinkachititsa kuti Covid ipweteke munthu msanga, ndiye simungazilekanitse mosavuta.

Pamwala musasonyeze kuti uyu anayezedwa, uyu ayi. Zimenezo zitsale m'kaundula wa komiti.

Che Saidi: Ndionjezepo pa za kusaina. Wosaina asakhale aliyense amene wafika koyamba. Kumene mbumba imatsata kuchikazi, mwinimbumba ali ndi mawu pa dzina la malemu, ndipo kumpoto ndi kwa ena amene amalowola mawu ali kuchimuna. Fomu ikhale ndi malo awiri, a mkazi kapena mwamuna kapena mwana wamkulu, ndi a mkulu wa banja. Mbali imodzi ikakana, dzina lidikire. Ena amakana chifukwa nthawi ija kufa ndi Covid kunali ndi manyazi, oyandikana nawo ankawasala, ndipo ena mpaka pano savomereza kuti m'bale wawo anafa nayo. Musawanyengerere. Kufafaniza dzina losemedwa kale kumawononga mwala wonse.

Komanso khomalo lisakhale ndi mtanda, mwezi ndi nyenyezi, chithunzi cha munthu kapena vesi. Asilamu ambiri salola zifaniziro pa zinthu zokhudza akufa, ndipo mipingo ina safika pamalo pamene pali chizindikiro cha chipembedzo china. Mapemphero aliyense adzachita ake patsiku lokumbukira.

Mbewe wa ku Leeds: Ndipereke chitsanzo cha kuno ku Britain, chifukwa chili ndi phunziro la penti komanso la chilolezo. Ku London kuli khoma lotchedwa National Covid Memorial Wall, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, pafupi ndi chipatala cha St Thomas', moyang'anizana ndi Nyumba ya Malamulo. Ndi lalitali pafupifupi theka la kilomita. Analiyamba pa 29 Malichi 2021 a gulu la ofedwa la Covid-19 Bereaved Families for Justice mothandizana ndi gulu lina lotchedwa Led By Donkeys, ndipo m'masiku ngati khumi anthu odzipereka anajambulapo mitima yofiira pafupifupi 150,000, mtima umodzi munthu mmodzi. Banja limabwera n'kulemba dzina mkati mwa mtima. Pano mitimayo inapitirira 200,000.

Anajambula ndi zolembera za Posca, ndipo miyezi ingapo itadutsa dzuwa ndi mvula zinafufutitsa mitimayo, mayina ena osawerengekanso. Chimene chalipulumutsa ndi kagulu ka anthu ochepa, ambiri mwa iwo ofedwa, kotchedwa Friends of the Wall, kamene kamabwera Lachisanu lililonse kudzabwereza mitimayo ndi penti ya makoma a panja, kulembanso mayina ndi kufufuta zolemba za anthu osokoneza. Ngati dzuwa la ku London linatha mtundu wofiira chonchija, la mu Okutobala kwathu lingautani? Chachiwiri, sanapemphe chilolezo, ndiye kwa zaka khomalo linali losadziwika tsogolo lake. Komiti imene boma linakhazikitsa, yotsogoleredwa ndi Baroness Nicky Morgan, inadzanena mu lipoti lake la 2023 kuti khomalo lisungidwe. Iwo zinawayendera chifukwa linali pamaso pa aphungu ndipo palibe akanalimba mtima kulifufuta. Inu pa boma laling'ono musayese mwayi umenewo.

Namaseko: Zoona, musayike ngakhale njerwa imodzi popanda pepala. Malo ali mitundu yosiyana ndipo khomo logogoda ndi losiyananso. Ngati ndi mumzinda, lembani kalata kwa mkulu wa khonsolo kudzera kwa khansala wa wadi yanu, muphatikize mapu osonyeza malowo ndi pulani ya chomangacho, kuti zikadutse ku komiti yoona za mapulani. Ngati ndi kumudzi, nkhani iyambire ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), ipite ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC) ndi kwa mfumu yaikulu, kenako ku khonsolo ya boma. Mawu a pakamwa a mfumu sakwanira. Mfumu imasintha, ndipo wolowa ufumu kapena adzukulu a mwini munda akhoza kudzati malowo anangobwereketsa. Palembedwe, pasainidwe, dinda la mfumu likhalepo, malire aikidwe ndi timiyala ta konkire m'makona onse.

Malo oti muwapewe: m'mbali mwa msewu waukulu, chifukwa pa misewu ya M mamita 30 kuchokera pakati pa msewu mbali iliyonse ndi a msewu, ndipo tsiku lokulitsa adzagumula osakulipirani, pansi pa mawaya a ESCOM, pamwamba pa mapaipi a madzi, m'dambo. Bwalo la sukulu kapena la chipatala limaoneka labwino chifukwa kuli mlonda, koma geti ikatsekedwa mabanja safika, ndipo eni malo akafuna kumanga buloko yatsopano khoma lanu ndi loyamba kuchoka.

Che Saidi: Kumanda nakonso ayi. Manda ali ndi malamulo ake, sumangolowa popanda kudziwitsa mfumu, ndipo m'madera ambiri a Achewa kumanda ndi kudambwe. Mwana wasukulu kapena mayi wa mpingo sangapiteko kukawerenga dzina la bambo ake madzulo. Pakhale pamene anthu amadutsa kale, ngati pafupi ndi bwalo la misonkhano kapena holo, koma potalikirako ndi mabala ndi msika.

Nachisale: Zikomo nonse. A Gondwe, tiyerekeze kuti mayina apezeka 200 ndipo malo alipo. Khomalo limangidwe bwanji?

Gondwe Mmisiri: Chabwino mayi. Nditenga khoma la mamita 9 m'litali ndi mita 1.8 kuchokera pansi. Khoma loima palokha ndi loopsa kuposa la nyumba, chifukwa palibe denga kapena makoma ena olichirikiza, ndipo mphepo imaliwomba lonse. Ndiye musalimange mowongoka ngati mpanda. Lipindeni ngati uta kapena likhale ndi mapiko awiri a mita imodzi m'mapeto. Kupindako kokha kumalilimbitsa kwambiri.

Maziko: kumbani ngalande ya masentimita 75 m'lifupi, 70 mpaka 90 kuya, mpaka mutapeza dothi lolimba. Ngati ndi makande, dothi lakuda lija limene limang'aluka m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, sinthani malo kapena itanani injiniya, chifukwa limakankha maziko chaka ndi chaka mpaka khoma kusweka. Thirani konkire yokhuthala masentimita 23, muyezo wake simenti 1, mchenga 2, kwale 4. Pa khoma ili ndi konkire yoposa pang'ono kiyubiki mita imodzi ndi theka, ndipo kiyubiki mita iliyonse imadya matumba 6 kapena kuposerapo pang'ono a makilogalamu 50, ndiye werengani matumba 10 kapena 11 a simenti a maziko okha, osawerengera mapiko. Poyeza gwiritsani ntchito ndowa imodzimodzi pa zonse zitatu. Kuyeza ndi fosholo n'kumene simenti imabedwera.

Konkire isanaume, imikani zitsulo za Y12 (zonenepa mamilimita 12) zopindika kunsi, motalikirana masentimita 80, kuti zilowe m'mabowo a mabuloko mpaka pamwamba, ndipo mabowo amenewo muziwadzaza ndi konkire pamene mukukwera. Mabuloko a simenti a masentimita 40 ndi 20 ndi 20 amalowa 12 ndi theka pa sikweya mita, ndiye gulani 280 kuwerengera a pansi pa nthaka ndi osweka, a mapiko muonjezere padera. Njerwa zootcha zisiyeni, malamulo a 2018 a zipangizo zomangira amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za anthu onse, ndipo khonsolo ikhoza kukana pulani yanu pa chifukwa chimenecho. Matope omangira akhale simenti 1, mchenga 4, waya wolimbitsa khoma wa brickforce mizere itatu iliyonse, ndi pepala lotchinga chinyontho la DPC masentimita 15 pamwamba pa nthaka, lobooledwa pamene pali zitsulo. Popanda DPC chinyontho chimakwera ndi mchere wa m'dothi, n'kumatuluka zoyerayera zija zimene zimafundula pulasitala. Pakati pa khoma siyani mpata wa sentimita imodzi kuchokera pansi mpaka pamwamba, wotsekedwa ndi zofewa, kuti likamatambasuka ndi kutentha lisang'ambike pamene lafuna.

Pamwamba pavalidwe chipewa cha konkire chotulukira masentimita 5 mbali zonse, chopendekera kumbuyo, chokhala ndi kamzere kokumbidwa kunsi kwake kuti madzi adonthere pansi osatsetsereka pa mayina. Amisiri ambiri amachidumpha, ndipo zaka ziwiri zokha khoma limakhala ndi mizere yakuda. Mukatha, thirirani madzi m'mawa ndi madzulo masiku osachepera 7, ndipo miyala ya mayina isakwere pasanathe masiku 28.

Tembo: Ndilowe pa za mayina enieniwo. Penti iwalani, a Mbewe afotokoza kale. Mkuwa ndi aluminiyamu iwalaninso, ogula zitsulo zakutha adzakuthandizani kuzichotsa usiku umodzi. Kulemba pa pulasitala yaiwisi ndi msomali n'kotchipa koma kumagumuka m'mphepete mwa zilembo. Chokhalitsa ndi mwala wa granite wakuda kapena wotuwa, wopukutidwa, zilembo zosemedwa ndi makina opopera mchenga, ngati mmene amachitira osema ziliza. Marble ndi wofewa, amadyeka ndi mvula ndipo amagwira ndere.

Musagule chimwala chimodzi chachikulu. Dulitsani miyala ya masentimita 60 ndi 90, yokhuthala masentimita 3. Umodzi umalemera makilogalamu pafupifupi 44, anthu awiri amaunyamula, ndipo ukasweka kapena ukalakwika mumasintha umodzi wokhawo. Zilembo za masentimita 2, mzere uliwonse kutenga masentimita 3 ndi theka, zimapereka mayina 22 pa mwala, dzina ndi zaka zake pa mzere umodzi. Mayina 200 ndi miyala 10, wina wa mutu, ndipo patsale malo a miyala iwiri yopanda kanthu, chifukwa tsiku lotsegulira likadutsa mabanja amene ankakayika adzabwera. Zimenezi n'zosapeweka. Ngakhale khoma la ku Washington la asilikali a nkhondo ya ku Vietnam, limene linatsegulidwa mu 1982 ndi mayina 57,939, akhala akuwonjezerapo mayina zaka zonsezi.

Mwala uyambire masentimita 70 kuchokera pansi n'kuthera pa 160, kuti agogo asawerame kwambiri ndipo wa pa njinga ya olumala awerenge. Pomangirira musadalire matope okha. Mwala ukhale pa kashelefu ka konkire, ugwidwe ndi mabawuti anayi a chitsulo chosachita dzimbiri, mitu yake yotsekedwa. Bawuti wamba amachita dzimbiri, amafufuma, n'kung'amba mwala pa kona. Ngati kungatheke mayina ayang'ane kummwera. Mwala wakuda woyang'ana kumadzulo umatentha moti sugwirika, chonsecho anthu amafuna kukhudza dzina.

Namaseko: Mwala usanasemedwe, mndandanda usindikizidwe papepala monga mmene udzaonekere, umatidwe kwa mfumu, kuholo ndi kumapemphero kwa masiku 30, ndipo banja lililonse lisainire pa dzina lake. Apa ndi pamene pamabuka milandu: Chirwa kapena Chilwa, Mbewe wa w wamba kapena wa kachipewa, chaka chobadwa cha pa chitupa chosiyana ndi chimene banja likudziwa. Wosema amakopera chimene mwamupatsa, ndipo cholakwa chikakhala chanu mtengo wa mwala wina ndi wanunso. Muuzeni asindikize pepala lomaliza la makina ake, komiti iwerengenso anthu awiri, wina akutchula wina akuyang'ana.

Amayi ambiri achikulire sankadziwika ndi dzina la pa chitupa. Mudzi wonse unkati Naphiri kapena Nangozo. Lolani banja lisankhe limene lilembedwe, bola zilembo zisapitirire 35 kuphatikiza zaka.

Jere: Nanga ndondomeko ya mayina? Pajatu Covid inatenga ndi akuluakulu omwe. Pa 12 Januwale 2021 tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Dera limene linataya mfumu, m'busa kapena phungu lidzafuna dzina lake pamwamba ndi zilembo zazikulu.

Tembo: Akafuna zimenezo amange chiliza kumanda kwawo. Pakhoma la onse zilembo zikhale zofanana, popanda Dr, Hon, Rev kapena Gulupu. Mukalola udindo umodzi mwatsegula mkangano wa amene ali pamwamba pa mnzake. Njira zilipo ziwiri. Kutsata alifabeti kumathandiza kupeza dzina msanga, koma dzina lobwera mochedwa lilibe polowa, ndipo a Banda ndi a Phiri amadzaza miyala yawoyawo. Kutsata tsiku lomwalira, monga anachitira ku Washington kuja, kumaonetsa mliri mmene unayendera: miyala ya Januwale ndi Julayi 2021 idzachuluka yokha popanda wofotokoza. Ine ndingasankhe ya masiku, ndipo obwera mochedwa apite pa mwala womaliza pansi pa chaka chawo.

Nankhoma: Ya masiku ili ndi vuto limodzi bambo Tembo: mabanja ena sakumbukira tsiku, amangoti nthawi yopalira. Pamenepo ikani mwezi ndi chaka basi, mkati mwa mwezi mutsate alifabeti.

Mbewe wa ku Leeds: Nanga ana a dera amene anafera kunja? South Africa inataya anthu oposa 100,000, ndipo pakati pawo panali Amalawi, ena anaikidwa konko chifukwa malire anali otseka ndipo kunyamula thupi kunali kodula. Mabanja amenewa alibe manda oti apiteko. Ndikuona kuti iwowa ndi amene khomali lingawathandize kuposa onse. Lamulo likhale loti wobadwira m'dera kapena wokhala m'dera alowe, kaya anafera kuti.

Kamwendo: Palibe amene wayankha za mitengo, ndiye ndiyankhe. Mtengo umodzi pa munthu mmodzi umamveka bwino pokamba, koma pa mbande zobzalidwa poyera zambiri zimafa chaka choyamba ndi mbuzi, chiswe, moto ndi chilala. Mtengo wolembedwa dzina la mayi ake a munthu ukauma, mwamupweteka kachiwiri. Bzalani mitengo yochepa ya onse, 10 kapena 12, yopatsa mthunzi pokhala, mayina akhale pamwala.

Mbawa ndi yabwino, imakhalitsa ndipo mthunzi wake ndi waukulu, koma ikhale mamita 8 kapena kuposa kuchokera pa khoma. Kachere ayi, mizu yake imanyamula maziko. Bulugamu ayi, amagwetsa nthambi ndi kuumitsa nthaka. Msangu umayoyola masamba m'dzinja, ndiye ganizirani nthawi imene mukufuna mthunzi. Mango amaitana ana ndi miyala, ndipo mwala woponyera mango ukhoza kuthera pa granite. Dzenje likhale masentimita 60 mbali zonse ndi kuya komwe, dothi lapamwamba losakaniza ndi ndowa imodzi ya manyowa owola bwino, chifukwa osawola amaitana chiswe. Bzalani mvula ikakhazikika, nyengo yobzala mitengo ya dziko imayamba pa 15 Disembala. Mtengo uliwonse utchingidwe ndi waya kapena njerwa zosanjikiza motalikirana, ndipo chilimwe choyamba ndi chachiwiri ulandire ndowa ya malita 20 kawiri pa sabata. Wothirirayo adziwike dzina lake mbande zisanagulidwe.

Nyirenda: Za ndalama tsopano, popeza n'zimene zimapha ntchito ngati izi khoma lili m'chiuno. Komiti ikhale ndi malamulo olembedwa ndipo ilembetsedwe ngati matrasti, kuti akaunti ya kubanki ndi pepala la malo zikhale m'dzina la gulu. Osainira atatu, awiri mwa iwo asaine pa ndalama iliyonse yotuluka, ndipo asakhale apachibale. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yolandirira zopereka isakhale ya foni ya msungichuma imene amagulira mayunitsi ake. Mwezi uliwonse zolowa ndi zotuluka zimatidwe poyera ndi malisiti ake.

Musasunge ndalama kudikira kuti zikwane zonse. Kwacha inagwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo amene anali ndi ndalama za simenti m'buku anadzuka zitachepa. Zikapezeka gulani zosaonongeka: zitsulo, kwale, mabuloko, ndi kulipiriratu miyala. Simenti yokha ndiyo yogula mochedwa, chifukwa ikakhala miyezi itatu imayamba kuchita mibulu. Mmisiri alipidwe m'magawo, maziko, khoma, kumaliza, ndipo 10 pa 100 itsale mpaka dzinja limodzi litadutsa. Ofedwa asalipiritsidwe kuti dzina lilowe. Mukangoika mtengo pa dzina, osauka atsala panja.

Jere: Phungu akapereka za CDF, thumba la chitukuko cha dera lake, tikane?

Nyirenda: Musakane bambo, ndi ndalama za msonkho wanu womwe. Koma mugwirizane polemba kuti pakhoma sipadzakhala dzina la wopereka aliyense, kapena penti ya mtundu wa chipani. Othandiza athokozedwe m'kaundula ndi pakamwa. Ndipo kutsegulira kusachitike m'nyengo ya kampeni. Chikumbutso chikadziwika kuti ndi cha phungu wakuti, wolowa m'malo mwake sachiyang'ananso.

Che Saidi: Patsiku lotsegulira zolankhula zichepe. Chachikulu ndi kutchula mayina onse mokweza, limodzi ndi limodzi. Mayina 200, lililonse masekondi 6 kapena 7, ndi mphindi zosapitirira 25. Owerenga akhale achibale, asinthane pa mwala uliwonse, ndipo ayeserere katchulidwe dzulo lake. Ochotsa nsalu akhale ofedwa, mlendo wolemekezeka aime pambali. Muitanenso anamwino, alangizi a zaumoyo ndi adzukulu amene ankaika maliro aja, pakuti ambiri ankanyozedwa nthawi imeneyo, ena mpaka kuthamangitsidwa m'midzi. Mipando ya okalamba, madzi akumwa, ndi amayi angapo okhwima oti agwire amene angakomoke, chifukwa kwa ena limeneli lidzakhala tsiku loyamba kulira poyera.

Nachisale: Nanga pambuyo pake? Zipilala zambiri timaziona zitamera udzu.

Namaseko: Chifukwa komiti yomanga imatha ntchito tsiku lotsegulira. Pepala limene mudzasainirane ndi khonsolo kapena mfumu linene amene adzasese, amene adzalipire zokonza, ndi amene ali ndi mphamvu yowonjezera dzina. Pa ndalama zonse patulani 15 pa 100 ya zokonza musanayambe kukumba. Khazikitsani tsiku limodzi pachaka lokumbukira, chifukwa tsiku limenelo ndi limene limakakamiza anthu kulambula sabata yake isanafike. Mwambo wa makandulo wokumbukira omwalira ndi Edzi wakhalitsa chifukwa uli ndi nthawi yake yodziwika chaka chilichonse. Chimfine cha 1918 chinapha anthu mamiliyoni ambiri padziko, chinafika ndi ku Nyasaland komwe, koma zikumbutso zake n'zowerengeka, pomwe asilikali a nkhondo ya nthawi yomweyo ali ndi nsanja yawo ku Zomba imene boma ndi asilikali amaisamala.

Kaundula wa mayina akhale m'makope atatu, kwa komiti, ku khonsolo ndi kwa mfumu, komanso mafomu ajambulidwe n'kusungidwa pa kompyuta. Mafomuwo ali ndi mafoni ndi za matenda a anthu, ndiye asamaponyedwe pa WhatsApp.

Gondwe Mmisiri: Pa zokonza ndionjeze zitatu. Granite itsukidwe ndi madzi ndi sopo wamba ndi nsanza yofewa, osati asidi kapena bulashi ya waya, zimapha kuwala kwake. Kutsogolo kwa khoma yalani konkire kapena miyala mamita awiri m'lifupi, yotsetserekera kunja pang'ono, sentimita imodzi pa masentimita 50 aliwonse, kuti madzi asaime pa maziko ndipo matope asathovukire pa mayina a m'munsi. Makandulo akhale ndi kashelefu kawo kapena bokosi la mchenga patali ndi mwala, chifukwa sera imalowa m'zilembo ndipo moto umathetheula mwala wopukutidwa.

Tembo: Mayina owonjezera asonkhanitsidwe chaka chonse n'kusemedwa kamodzi, tsiku lokumbukira lisanafike. Sungani dzina la mtundu wa zilembo ndi muyezo wake m'kaundula, apo ayi wosema wina adzabweretsa zilembo zosiyana. Miyala iwiri yopanda kanthu ija igulidwe limodzi ndi inzake, chifukwa granite yogula chaka china sifanana mtundu.

Nachisale: Ndamva. A Gondwe, funso lomaliza: mafomu akayamba kuyenda mu Januwale, kukumba kuyambe liti?

Gondwe Mmisiri: Mafomu Januwale mpaka Malichi, kumata mndandanda Epulo, pulani ipite ku khonsolo nthawi yomweyo popeza nambala mwaidziwa. Kukumba kuyambe Meyi kapena Juni, nthaka itauma koma zitsime zikadali ndi madzi othirira konkire. Mukachedwa mpaka Okutobala konkire imauma msanga n'kung'aluka, ndipo madzi mudzachita kugula pa mjigo. Wosema mumupatse miyezi iwiri. Miyala ikwere mu Sepitembala, mitengo ya a Kamwendo idikire Disembala.